NKHAWA YA MWANA WA SUKULU NDI MACIRITSIDWE ACE

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Shimabala, m'boma la Kafue



Mwana wa ku Shimabala amene kwao kuli tsidya lina la mseu waukulu wa ku Kafue, ndi sukulu yace tsidya linzace, amaphunzira mantha asanaphunzire kulemba dzina lace. Malori opita ku Chirundu ndi ku Livingstone amadutsa pa mseu umenewu usana ndi usiku. Mwanayo akaima m'mbali mwa phula, namva kulira kwa lori, mtima wace umagunda msanga, mpweya umafupika, ndipo miyendo imakonzeka kuthawa. Mantha otere ndi abwino, pakuti ndiwo amamfikitsa ku sukulu wamoyo. Lori ikapita mtima umakhala pansi, mwana naoloka, naiwala.

Koma pali mantha ena amene sapita pamodzi ndi lori. Amadza popanda coopsa cooneka, kapena amakula koposa cinthu cimene cinawautsa, ndipo amakhalitsa masabata ndi miyezi, kufikira munthu alephera kugona, kudya, kuphunzira kapena kugwira nchito yace. Imeneyi ndiyo nkhawa imene madotolo amaiwerenga ngati nthenda. Kumudzi munthu wotere amanenedwa kuti ali ndi maganizo, kapena kuti mtima wace suli m'malo. Mwana wa sukulu amangonenedwa kuti ndi wamanyazi, waulesi, kapena mbuli. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'caka ca 2019 anthu 301 miliyoni pa dziko lonse anali ndi nthenda imeneyi, ndipo 58 miliyoni mwa iwo anali ana ndi acinyamata. Linanenanso kuti mwa odwala anai, mmodzi yekha ndiye amalandira thandizo. Cotero si cacilendo kuti m'kalasi lodzala, monga makalasi akhalira ciyambire maphunziro aulere m'caka ca 2022, mupezeke mwana mmodzi kapena awiri otere.

Poyamba payenera kumveka cimene cimacitika m'thupi, cifukwa ana ambiri amadzudzulidwa pa mlandu wa bodza pamene sananame. M'caka ca 1915 dotolo wina wa ku Harvard, Walter Cannon, anafotokoza m'mene thupi la nyama kapena la munthu limadzikonzera kumenyana kapena kuthawa likaona coopsa. Tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi madzi ena, dzina lace adrenaline. Mtima umathamanga kuti upereke magazi ku minofu ya manja ndi miyendo, thukuta limatuluka, m'kamwa mumauma, m'mimba mumaleka kugaya cakudya, pakuti munthu wothawa mkango alibe nthawi ya kugaya nsima. Tsono thupi silidziwa kusiyanitsa mkango weni weni ndi mkango wa m'maganizo. Mwana amene amaopa kuitanidwa ku bolodi amamva zonsezi ali cikhalire pa mpando wace. Akanena Lolemba m'mawa kuti m'mimba mukupweteka, mukupwetekadi, ngakhale Loweruka anasewera mpira tsiku lonse.

Nthawi zina mantha amagwera munthu mwadzidzidzi. Mtima umagunda ngati ng'oma, cifuwa cimathina, zala zimacita dzanzi, mutu umazungulira, ndipo munthuyo amakhulupirira kuti akufa. Kawiri kawiri zimenezi zimakula kwa mphindi ngati 10, kenaka zimatsika zokha. Dzanzi ndi cizungulire zimadza cifukwa ca kupuma mofulumira. Ana anzace akaona zotere amapfuula, ena amati wagwidwa ndi mizimu, ndipo phokoso lao limangosonkhezera moto. Mtundu wina umaoneka makamaka pakati pa ophunzira. M'caka ca 1960 dotolo wa ku Canada, Raymond Prince, amene anagwira nchito ku Nigeria, analemba za anyamata a sukulu amene anali kudandaula kuti m'mutu mukutentha, kapena mukuyenda kanthu, kuti maso akucita mdima akatsegula buku, ndi kuti zimene akuwerenga sizikulowa. Mphunzitsi ali yense amene anakonzekeretsa ana mayeso a Boma a kutha kwa caka anamvapo madandaulo omwewa, makamaka kwa mwana amene banja lonse laika ciyembekezo cace pa iye.

Funso lalikulu ndi ili: ngati coopsa palibe, cifukwa ninji mantha sakutha okha? Citsanzo cingathandize; sicinena za mwana wa sukulu ina yace, koma aphunzitsi ambiri adzamzindikira. Mtsikana wa Giredi 5 anauzidwa tsiku lina kuti awerenge mokweza, napunthwa pa liu limodzi, ndipo kalasi linaseka. Sabata lotsatira, nthawi ya kuwerenga itakwana, mtima wace unayamba kugunda. Anakweza dzanja nati, “Aphunzitsi, ndipite kunja.” Atangotuluka, mtima unatsika, mpweya unabwerera. Mpumulo umene anaumva pakhomopo ndi mphunzitsi wamphamvu koposa aphunzitsi onse a pa sukuluyo, ndipo phunziro lace ndi lakuti, kuthawa ndiko kwakupulumutsa. Cimene mtsikanayo sanaphunzire ndi cakuti akanakhala, akanawerenga monjenjemera, nakhala pansi, osafa ai. Mwai wa kuona zimenezo anausiya m'kalasimo. Tsono sabata linalo anasamukira ku mpando wa kumbuyo. Pambuyo pace anayamba kudwala tsiku la kuwerenga, ndipo m'kupita kwa miyezi ngakhale kuona denga la sukulu patali kunali kokwanira kumutsa nseru. Mantha ali ngati galu wosokera: akamponyera pfupa kuti acoke pakhomo amacokadi, koma m'mawa mwace amalawirira kubwera.

Mtsikana wotere angagwe m'manja mwa aphunzitsi a mitundu iwiri. Woyamba ndi waukali. Iye amaona mwano, namuimika kutsogolo kuti awerenge tsamba lonse, kapena amamnyoza pamaso pa anzace. Za ndodo n'zosafunika kunena zambiri, popeza lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa kukwapula mwana pa sukulu. Koma lilime limakwapulanso. Mphunzitsi ameneyu amatsimikizira mwana kuti cimene anali kuopa cinali coona. Waciwiri ndi wacifundo. Amaona mwanayo akunjenjemera, nammvera cisoni, natsimikiza mumtima kuti sadzamuitananso. Dzina lace amalilumpha m'kaundula pofunsa mafunso, ndipo akapempha kutuluka amamlola msanga. Mphunzitsi ameneyu ndi wobvuta kumtsutsa, cifukwa mtima wace ndi wabwino; komatu ndiye akuponya pfupa tsiku ndi tsiku. Amai ace a mwanayo amacita cimodzimodzi akamlola kutsala kunyumba m'mimba mukapweteka. Caka cimatha mwamtendere, ndipo mwanayo amapita ku Giredi 6 ndi mantha okulirapo, osadziwanso kuwerenga.

Njira yaciritso iri pakati pa awiriwa, ndipo si yatsopano. M'caka ca 1924 mai wina wa ku New York, Mary Cover Jones, analemba za kamnyamata ka zaka zosakwana zitatu kamene kanali kuopa kalulu woyera. Maiyu sanakakamize mwanayo kugwira kalulu, ndiponso sanabise kaluluyo. Anamuika m'khola patali, mwanayo ali kudya cakudya cimene anali kucikonda, ndipo tsiku ndi tsiku kholalo linasendezedwa pafupi pang'ono. Anaitananso ana ena osaopa kalulu kuti azisewera naye, mwanayo ali kuona. Potsiriza kamnyamatako kanafika pomsisita kalulu, ndi kumlola kuluma zala zace mosewera. Amene anakuza njira imeneyi ndi munthu wa ku Africa konkuno, Joseph Wolpe, wobadwira ku Johannesburg m'caka ca 1915. Iye anali dotolo wa asilikali pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, naona kuti maciritsidwe a masiku amenewo sanali kuthandiza kweni kweni asilikali odwala mantha. Nkhondo itatha anafufuza nkhaniyi, poyamba pa amphaka, kenaka pa anthu, ndipo m'caka ca 1958 anatulutsa buku lofotokoza njira yace. Wodwala ndi dotolo amalemba pamodzi zinthu zoopedwa, kuyambira cacing'ono kufikira cacikulu, monga makwerero. Wodwalayo amaphunzira kumasula thupi lace, nakwera khwerero limodzi pa nthawi imodzi. Wolpe anali kuuza odwala ace kuti aziona zinthuzo m'maganizo. Amene anadza pambuyo pace anapeza kuti kukumana naco cinthu ceni ceni, pamene kuli kotheka, kumathandiza koposa.

Kwa mtsikana uja makwerero angakhale otere. Poyamba awerenge mizere iwiri kwa mphunzitsi yekha, ana ena ali ku masewera. Akazolowera, awerengere mnzace mmodzi amene iye mwini wamsankha. Pambuyo pace kagulu ka ana anai pansi pa mtengo. Kenaka ayankhe funso la liu limodzi m'kalasi ali cikhalire, atauzidwiratu dzulo lace kuti adzafunsidwa ciani. Kenaka ayankhe osauzidwiratu. Pamwamba peni peni ndi pamene adzaima kutsogolo nawerenga ndime yonse. Makwererowa salembedwa ndi mphunzitsi yekha. Mwana ndiye adziwa cimene cimamuopsa pang'ono ndi cimene cimamuopsa kwambiri, ndipo kawiri kawiri dongosolo lace limadabwitsa wamkulu. Sayenera kunyengedwa kapena kudzidzimutsidwa. Tsiku limene mphunzitsi adzamlumphitsa makwerero atatu cifukwa kwabwera mlendo wofuna kumva ana akuwerenga, nchito ya mwezi wathunthu idzagwa.

Asanakwere khwerero, mphunzitsi amfunse, “Kodi uganiza kuti cicitike n'ciani?” Mwina adzati, “Onse andiseka.” Amfunsenso, “Mantha ako ndi zala zingati mwa zala khumi?” Mwana amene sangathe kufotokoza za mumtima angathe kukweza zala zisanu ndi zitatu. Akatha kuwerenga afunsidwe, “Nanga anaseka ndi angati? Tsopano zala ndi zingati?” Apa ndi pamene pali mankhwala. Mantha saciritsidwa ndi kuuzidwa kuti usaope. Mau amenewo mwanayo wawamva kwa amai ace, kwa agogo ace ndi kwa aphunzitsi onse, ndipo sanamthandize. Amaciritsidwa pamene munthu aona ndi maso ace kuti cimene anayembekeza sicinacitike, kapena kuti cinacitika koma iye anapirira. Cifukwa cace mwana sayenera kudikira kuti mantha athe kaye ndipo awerenge. Awerenge ali ndi mantha omwewo, mau ali kunjenjemera, ndipo ayamikiridwe cifukwa ca kuyesako, osati cifukwa ca kukoma kwa kawerengedwe. Khwerero liri lonse libwerezedwe masiku angapo otsatizana, pakuti kamodzi pa mwezi sikaphunzitsa thupi kanthu.

Pali khwerero lina limene ambiri amaliiwala, ndilo kuphonya. Mwana amene wakwera makwerero onse osalakwitsa liu ndi limodzi lomwe akali pangozi, cifukwa cimene amaopa kweni kweni sanakumane naco. Ayenera tsiku lina kupunthwa pa liu, kumva wina akuseka, ndi kupitiriza. Mphunzitsi amene amalakwitsa pa bolodi, mwana namuuza, iye nathokoza ndi kukonza osacita manyazi, wapereka phunziro limeneli kwa kalasi lonse popanda kulilemba m'buku la makonzedwe.

Mbali yaciwiri ya ciritsoli ndi ya maganizo. Aaron Beck, dotolo wa ku Philadelphia amene anamwalira m'caka ca 2021 ali ndi zaka 100, anaona kuyambira zaka za m'ma 1960 kuti odwala ace anali ndi maganizo ena othamanga, odza okha, amene iwo anali kuwalandira osawayesa. Munthu wa nkhawa amakuza coopsa, nacepsa mphamvu zace za kupirira. Mnyamata amene walephera masamu kamodzi amati, “Ndidzalephera mayeso, atate adzandithamangitsa, moyo wanga watha.” Wothandiza satsutsana naye. Amamfunsa monga nduna ifunsa mboni pa bwalo: umboni uli kuti? M'mayeso asanu apitawa unalephera angati? Mnzako akadanena mau omwewa ukadamuyankha ciani? Mnyamatayo akapeza yekha yankho, limakhala lace. Njira ziwirizi, ya makwerero ndi ya kuyesa maganizo, zikaphatikizidwa zimadziwika ndi dzina lakuti Cognitive Behavioural Therapy, ndipo ndizo zimene zayesedwa koposa zonse pa nthenda ya nkhawa. Kupuma pang'ono pang'ono, kutulutsa mpweya motalikirapo kuposa kuukoka, kumathandiza mwana kukhazikika pa nthawi ya mantha odzidzimutsa. Koma ndi ndodo yoyendera cabe, ulendo wace ndi makwerero aja.

Wina angatsutse kuti zimenezi ndi za maiko olemera, zofuna madotolo a maganizo amene m'Zambia ndi owerengeka. Yankho lace linapezeka pafupi pompa. M'caka ca 2015 zinatuluka zotsatira za kafukufuku amene anacitika m'madera asanu a Lusaka, motsogozedwa ndi Laura Murray wa ku Johns Hopkins University pamodzi ndi anzace a m'dziko lino. Ana 257 a zaka 5 kufikira 18, amasiye ndi ena amene anaona zoopsa, anagawidwa pawiri. Gulu lina linalandira ciritso la mtundu womwewu, lokonzedwera ana obvutika ndi zikumbukiro zoopsa, ndipo opereka ace sanali madotolo koma anthu wamba ophunzitsidwa nchitoyi. Zizindikiro za bvuto lao zinatsika ndi magawo pafupi 82 pa 100, pamene m'gulu linalo zinatsika ndi magawo 21. Ku Harare nako, Dr. Dixon Chibanda anayambitsa m'caka ca 2006 nchito ya Friendship Bench, imene amai acikulire amakhala pa mipando ya matabwa kunja kwa zipatala zazing'ono, namvetsera anthu odwala cimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kopitirira. Amakumana kasanu ndi kamodzi. Wodwala amachula mabvuto ace, nasankhapo limodzi, ndipo pamodzi amakonza cocita. Pa kafukufuku wa anthu 573 m'zipatala 24, amene anatuluka m'caka ca 2016, anthu 12 pa 100 okha mwa amene anakhala pa mipandoyo anali akali ndi zizindikiro za nkhawa patapita miyezi isanu ndi umodzi, pamene mwa enawo anali 48 pa 100.

Koma cinthu cimodzi cisaiwalike: anthu wambawo anaphunzitsidwa, ndipo anali ndi owayang'anira. Mphunzitsi wa m'kalasi angathe kukonza makwerero a kuwerenga, a kuyankha funso, a kubwerera ku sukulu, pakuti zimenezi ndi za m'munda wace. Zina si zace. Mwana wogunda mtima, wotopa msanga kapena wa cizungulire ayambe waonedwa ku cipatala, cifukwa malungo, kucepa kwa magazi, mphumu, nthenda ya cithokomiro, ngakhale njala yomwe, zimabvala nkhope ya nkhawa. Ndipo mwana amene saona bwino bolodi kapena samva bwino amaopa kufunsidwa pa cifukwa comveka. Ndiponso pali mantha amene ali oona. Mwana amene amamenyedwa kunyumba, kapena amene wamkulu wina akumcita zoipa, asaphunzitsidwe kuzolowera mantha ace. Afunika kupulumutsidwa, ndipo nkhaniyo ipite msanga kwa mkulu wa sukulu ndi kwa mphunzitsi wa uphungu. Nambala ya Childline, 116, imaimbidwa kwaulere. Comweconso mwana amene waleka kudya, amene sagona masabata ambiri, kapena amene wanenapo za kufuna kufa, aperekezedwe ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha.

Makolo ambiri akamva za cipatala ca maganizo amaganiza za Chainama, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962, ndipo amati, “Mwana wathu si wamisala.” Akunena zoona, ndipo mphunzitsi awabvomereze. Nkhawa si misala, ndipo odwala ambiri sagonekedwa m'cipatala konse. Ulendo umayambira pa kiliniki ya pafupi. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, linaikidwa kuti odwala maganizo azilemekezedwa ndi kuthandizidwa monga odwala ena onse. Mankhwala akumwa alipo, ndipo ena amathandizadi, ngakhale amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira nchito. Koma opereka ndi dotolo yekha. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam amatontholetsa msanga, koma thupi limawazolowera, ndipo sayenera kupemphedwa kwa mnansi. Makolo ena adzati mwana walodzedwa, ena adzati cikhulupiriro cace cacepa. Kukangana nao sikupindula. Pemphero la banja ndi la mpingo limalimbitsa mtima wa mwana, ndipo palibe cifukwa ca kuliletsa. Cimene mphunzitsi angapemphe ndi cakuti mwanayo asauzidwe kuti nthenda yace ndi mlandu wace, ndi kuti atapemphereredwa abwere ndithu ku sukulu m'mawa mwace.

Aphunzitsi eni ace sali kunja kwa nkhaniyi. Alipo amene satsegula pepala la malipiro cifukwa ca ngongole zodulidwa pamenepo, ndi amene amadwala tsiku limene oyendera masukulu akubwera. Galu uja ndi yemweyo, ndipo makwerero ace amayamba ndi kutsegula pepalalo pamodzi ndi mnzace wokhulupirika. Botolo la madzulo limapereka mpumulo wonga wa mtsikana uja pakhomo pa kalasi.

Cotsala ndi ca nthawi ya kupuma. Mwana amene anafika pamwamba pa makwerero mwezi wa November angabwere mu January ali pansi ndithu, cifukwa masabata ambiri apita osakumana ndi cimene amaopa. Nthawi ikatalika bvutoli limakulanso, monga m'caka ca 2024, pamene masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 February cifukwa ca kolera. Kubwerera m'mbuyo kotere sikusonyeza kuti nchito inapita pacabe. Kawiri kawiri ulendo waciwiri umafulumira kuposa woyamba. Mwanayo ayambenso pa khwerero limene angalithe, kaya ndi la mizere iwiri lija. Ndipo popeza caka catsopano cimadza ndi mphunzitsi watsopano, amene anali naye caka catha alembe pa pepala makwerero onse ndi pamene mwanayo analekezera, apemphe cilolezo ca mwanayo ndi ca makolo ace, napereke pepalalo m'manja mwa mnzace sukulu isanatsegulidwe.